Kaboni wa pa intaneti: tsamba la pansi akusunga ndani?

Mlimi amene anagulitsapo soya kudzera ku kopaletivi amalidziwa buku la malisiti. Kalaliki akalemba pamwamba, kaboni amasiya zomwezo pansi. Mlimi amatenga tsamba lake, lotsalalo n'la owerengera chuma.

Masiku ano mayina a alimi, manambala a foni ndi ngongole za feteleza sizikhala m'kabati mokha. Mabungwe ambiri amachita lendi makompyuta a makampani akuluakulu, njira yotchedwa cloud. Microsoft inatsegula nyumba zake za makompyuta ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020. Bungwe limapatsidwa netiweki yakeyake, koma waya woti n'kuugwira palibe. Kale katswiri ankalumikiza chipangizo pa waya wa mu ofesi kuti aone zodutsa. Nanga pa makina a eni, okhala kutali, angatani?

Apa ndi pamene pabwera traffic mirroring, imene Amazon inayamba kupereka mu 2019. Uthenga wa pa netiweki umayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Paketi ikamalowa kapena kutuluka, makina amaikopera n'kutumiza kopeyo ku kompyuta ina yolondera, pomwe yeniyeniyo ikupitiriza ulendo. Kumeneko mapulogalamu monga Suricata ndi Zeek amaunika: bwanji kompyuta yosunga kaundula ikutumiza zinthu zochuluka kunja pakati pa usiku? Wakuba wochenjera amatha kufufuta mapazi ake m'kompyuta imene walowa, koma kope imene yapita kale kwina n'kovuta kuifikira.

Kusaona kumapweteka. Mu 2019 banki ya Capital One ku America inaberedwa mbiri ya anthu oposa 100 miliyoni m'mwezi wa Malichi, ndipo inadziwa mu Julayi itachita kutsinidwa khutu ndi munthu wakunja.

Komabe tisakokomeze. Uthenga wotsekedwa ndi makiyi achinsinsi umafika kwa mlonda uli chitsekere. Iye amangoona kochokera, kopita ndi kukula kwake. Njira ikadzaza, Amazon imataya makope kuti uthenga weniweni udutse. Ndipo zonsezi n'zolipira.

Chondidetsa nkhawa ine n'china. Pamene uthenga sunatsekedwe, kope ija imanyamula zonse: dzina la mayi wa ku kalabu, nambala ya chiphaso chake, ngongole yake. Kaundula amene anali mmodzi tsopano ali pawiri, ndipo wachiwiriyo angakhale m'manja mwa kampani ina yolembedwa ganyu yolondera. Malamulo oteteza mbiri ya munthu alipo: Zambia inakhazikitsa lake mu 2021, Malawi mu 2024.

Inu alangizi amene mumalemba mayina m'midzi, ndinu amene alimi amakukhulupirirani. Pa msonkhano wotsatira funsani a ku likulu ngati netiweki ya bungwe imalonderedwa, amene amawerenga makopewo ndani, ndipo amafufutidwa pakatha masiku angati. Makina amalola kusankha zoti zikoperedwe, ngakhale kudula paketi kuti patsale mutu wokha wosonyeza kochokera ndi kopita, choncho funsaninso ngati anasankha kapena amangokokolola zonse.