Loya mutha kumusiya, koma puloti yakumudzi musaibise

Mwezi wathawu msuweni wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds anandiimbira pa WhatsApp pakati pausiku. Kunoko timamutenga ngati munthu amene zake zinayera. Fizi ya ana a mlongo wake amalipira ndi iye, maliro akagwa tonse maso amakhala pa iye. Koma tsikulo mawu ake anali ofooka.

"Asuweni, ngongole zandifika m'khosi. Makhadi a ngongole atatu, ina yakubanki, ndiye mashifiti atichepetsera. Mnzanga akuti ndingolembetsa bankruptcy. Koma ya loya ndiitenga kuti?"

Bankruptcy ndi njira ya lamulo imene munthu amavomera kuti walephera kubweza ngongole. Katundu wake wamtengo amagulitsidwa, ndalamazo n'kugawidwa kwa amene amawakongola, ndipo ngongole zambiri zotsala zimafafanizidwa. Kuno kwathu tili ndi lamulo lathu, Insolvency Act ya 2016, koma lero ndikukamba za ku England ndi Wales, kumene kuli abale athu ambiri. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland zimayenda mwina.

Pa funso la loya, yankho ndi losavuta: sakufunika. Kuyambira mu April 2016, munthu wofuna kulembetsa yekha sapitanso kukhoti. Amadzaza fomu pa intaneti, pa tsamba la boma la GOV.UK, n'kulipira £680. Ndalamayi mutha kuilipira pang'onopang'ono, koma fomu siyenda mpaka itakwana yonse. Kenako wogwira ntchito ku Insolvency Service, amene amamutcha adjudicator, amaunika fomuyo, ndipo kawirikawiri amayankha pasanathe masiku 28.

Akavomera, nkhani yanu imapita kwa mkulu wina waboma, Official Receiver. Ameneyu amakufunsani mafunso, amayang'ana mapepala akubanki, n'kuona katundu amene angagulitsidwe. Zovala, bedi, ziwiya zapanyumba ndi zipangizo zogwirira ntchito amakusiyirani. Akaunti yanu yakubanki itha kuyimitsidwa kaye. Ngati mumatsala ndi kangachepe mukachotsa zofunika pamoyo, atha kukuuzani kuti muzipereka mwezi ndi mwezi mpaka zaka 3. Anthu ambiri amamasulidwa pakatha miyezi 12.

Kumasulidwako sikuti zonse zatha. Dzina lanu limalembedwa m'kaundula amene aliyense atha kumuona pa intaneti, ndipo mbiri yanu ya ngongole imakhala ndi chizindikirochi zaka 6. Panthawi imene simunamasulidwe simungakongole zoposa £500 osamuuza wokongozayo za bankruptcy yanu, komanso simungakhale dairekitala wa kampani popanda chilolezo cha khoti. Ndipo pali ngongole zimene sizifafanizika: chindapusa cha khoti, ngongole yaboma yolipirira sukulu, ndalama zosamalira mwana, ndi ngongole zimene munazipeza mwachinyengo.

Nditamufotokozera izi, msuweni wanga anapuma kaye, kenaka anafunsa funso limene linali kumtima kwake kwenikweni. "Nanga kapuloti kanga ka ku Lilongwe kaja, adziwa bwanji? Si ndingokhala chete? Kapena ndikalembe m'dzina la amayi."

Apa ndiye pamene anthu oyenda opanda loya amagwera m'dzenje. Fomu ija imafuna katundu wanu yense, kulikonse kumene ali. Puloti ya ku Area 49, minibasi imene akuyendetsa achimwene anu, ndalama zimene zili kubanki ku Blantyre, zonsezo n'zofunika kuzilemba. Kubisa katundu ndi mlandu, ndipo munthu atha kumangidwa nawo. Musaganizenso kuti Malawi ndi kutali. Ndalama zimene munkatumiza mwezi ndi mwezi zogulira simenti zinadutsa pa akaunti yanu, ndipo mapepala akubanki aja adzaziulula okha.

Kusamutsira katundu m'dzina la amayi nakonso sikuthandiza. Lamulo limalola kubwerera m'mbuyo mpaka zaka 5 kufufuza katundu amene munapereka ulele kapena kugulitsa motchipa dala. Chimodzimodzi kubweza ngongole ya wachibale n'kusiya ena onse. Kwathu kuno zimenezi timaziona ngati ulemu: amalume anakuthandizani tikiti ya ndege, ndiye muyambe mwabweza iwowo. Kumeneko amaziona ngati kukondera, ndipo kwa wachibale atha kubwerera m'mbuyo zaka 2 n'kulamula kuti ndalamazo zibwezedwe. Akapeza kuti munachita zachinyengo kapena mosasamala, ziletso zija atha kuzitalikitsa kuyambira zaka 2 mpaka 15.

Ndiye ngakhale loya sakufunika, malangizo akufunika, ndipo mwayi wake ndi aulere. Mabungwe monga StepChange, National Debtline ndi Citizens Advice amathandiza anthu a ngongole osawalipiritsa kalikonse. Safunsa anadya phula. Mwina mukafunsa mupeza kuti bankruptcy si njira yanu n'komwe. Pali ina yotchedwa Debt Relief Order, ya anthu amene ngongole zawo siziposa £50,000, katundu wawo saposa £2,000, ndipo amatsala ndi £75 kapena kucheperapo pamwezi. Kuyambira mu April 2024 njira imeneyi ndi yaulere, koma imadutsira kwa mlangizi wovomerezeka. Palinso Breathing Space, imene imakupatsani masiku 60 opanda chiwongoladzanja komanso opanda makalata okuopsezani, kuti muganize bwino. Chenjerani ndi otsatsa malonda pa Facebook ndi TikTok amene amalonjeza kukufafanizirani ngongole mwachangu. Ambiri a iwo ali pa bizinesi.

Pali nthawi zina zimene ndalama ya loya si yotayika. Ngati muli ndi nyumba kumeneko, bizinesi, katundu amene munagula limodzi ndi mwamuna kapena mkazi wanu, kapena mukukonzekera kufunsira unzika wa Britain, yambani mwafunsa katswiri musanadine batani lotumizira fomu. Mukangovomerezedwa, kubwerera m'mbuyo n'kovuta.

Mawu otsalawa ndi athu, ife amene tili kuno. Gawo lina la ngongole ya msuweni wangayo tinadya ndi ife. Tikamalemba kuti "tumizaniko kenakake", sitifunsa kuti kenakakeko kachokera m'malipiro kapena pa khadi la ngongole. Iye naye anachita manyazi kunena kuti alibe, poopa kuti tinena kuti wayamba kudzimva. Wachibale wanu wakunja akakuuzani kuti mwezi uno zavuta, mukhulupirireni.

Msuweni wangayo sanatumizebe fomu. Anaimbira limodzi la mabungwe aja, ndipo anamuuza kuti alembe ngongole zake zonse ndi katundu wake yense papepala limodzi. Puloti ija anailemba. Akuti dzanja linkanjenjemera, chifukwa akudziwa kuti mwina aitaya. Chimene chatsala, ndipo akuti n'chimene akuchiopa kuposa Official Receiver, ndi kuimbira mlongo wake kumuuza kuti fizi ya temu ikubwerayi aone pena.