Suti ija isiyeni kaye, agogo akufunika zina

Disembala akamayandikira, inbox yanga imadzaza ndi funso limodzi: "A nesi, bambo anga ndi achikulire, ndiwagulire chiyani?" Kwa amayi sitivutika. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, aliyense amadziwa njira ya kumene amagulitsa zitenje. Koma tikafika kwa abambo okalamba mutu umaima. Ukawafunsa amangoti, "Aa, chilichonse mwanawanga," ndiye timathamangira suti, tayi, kapena botolo la mowa wodula.

Ine ndikuti suti ija isiyeni kaye. Ambiri ali nayo kale, ili m'sutikesi pamwamba pa kabati, imatuluka pa ukwati ndi pa maliro basi. Musanagule kanthu, kagoneniko kumudzi usiku umodzi, kapena funsani mdzukulu amene amakhala nawo kuti agogo amadzuka kangati usiku, ndipo akadzuka amayenda bwanji.

Ndayambira usiku dala. Abambo ambiri akadutsa zaka 60, prostate imakula n'kumapanikiza njira ya mkodzo. Munthu amadzuka katatu, kanayi, mwina kuposa. Chimbudzi chili panja, kunja kuli mdima, maso sakuona bwino, mawondo akuwawa, ndipo nthawi ino ya dzinja pansi n'poterera. Okalamba ambiri othyoka fupa la m'chiuno amene ndawasamalirapo mu wodi anagwa pa ulendo umenewu, pakati pa khomo ndi chimbudzi. Fupa limenelo likathyoka, munthu amagona pabedi masabata ambiri, zilonda za pamsana zimayamba, chibayo chimabwera, ndipo ena sadzayendanso.

Choncho mphatso yanga yoyamba ndi nyale ya sola, yowala bwino, ya batani limodzi lalikulu, yokhala pafupi ndi pamene amagona. Yachiwiri ndi yosaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook: kandowa kokhala ndi chivundikiro koti azitayiramo madzi usiku osatuluka panja. Kameneka musakapereke pagulu, pamaso pa apongozi ndi adzukulu. Kasiyeni kuchipinda mwakachetechete, adziwa okha ntchito yake. Ngati ndalama zilipo, itanani kalipentala akhome chogwirira m'chimbudzi ndi kupanga kampando kobowola pakati. Kunjuta pa chimbudzi chokumba uli ndi mawondo a zaka 80 si masewera, ndipo bambo wamkulu sangakuuzeni zimenezi, manyazi. Ndingowonjezerapo kuti tsiku lina akadzati mkodzo ukukanika kutuluka, chikhodzodzo chadzaza, chikuwawa, musadikire kuti kuche. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa amene ali ndi BP, makina oyezera kunyumba ndi mphatso yabwino, makamaka inu a ku Joni ndi ku UK amene mumawapeza mosavuta. Gulani omanga pamkono pamwamba pa chigongono, osati ovala ngati wotchi, amene amasokoneza manambala dzanja likangokhala molakwika. Ikanimo mabatire apadera, kope ndi cholembera. Aphunzitseni kukhala pansi mphindi 5 asanayeze, mkono uli patebulo, osalankhula. Manambala akamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, kope lija lipite nawo ku kiliniki. Koma muwauze mosabisa kuti manambala akatsika sizitanthauza kuti achira. Ndaonapo abambo atasiya mankhwala chifukwa "makina akuti ndili bwino," n'kubwera patapita miyezi iwiri mbali imodzi itafa.

Za maso, magalasi owerengera ndi otsika mtengo ndipo amabwezera munthu Baibulo lake, Korani yake, nyuzipepala yake. Koma ngati akuti akuona ngati utsi, kapena pakati pa diso payera, imeneyo ikhoza kukhala ng'ala, ndipo magalasi a pamsika sangathandize. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuonanso. Ku Nkhoma amachita, ku Lions Sight First ku Blantyre amachita. Apa mphatso ndi ndalama ya thiransipoti ndi inuyo kuwaperekeza, chifukwa okha sapita. Amati, "Ndi ukalamba basi."

Nsapato nazo. Timakonda kugula mongoganizira saizi, zachikopa, zosongoka kutsogolo, zonyezimira. Kwa munthu wa shuga zimenezi n'zoopsa, popeza mapazi ake mwina sakumvanso kuwawa. Nsapato ikumudya chala, iye osadziwa, mpaka bala litakula. Gulani zotseka, zotakasuka kutsogolo, zofewa mkati, zosaterera pansi. Ayese okha, makamaka madzulo pamene mapazi amakhala atatupako. Patapata ayi.

Tsopano zimene ndimapempha kuti musagule. Mowa ndi fodya sindichita kufotokoza. Sobo ndi zakumwa zotsekemera kwa munthu wa shuga, mukudziwa kale, koma mumagulabe poti amazikonda. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi thumba la mankhwala opha ululu, Bufeni, Indosidi, Diclofenac, otumizidwa ndi mtima wabwino "a msana wa adadi." Akamamwa tsiku ndi tsiku, mankhwala amenewa amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP. Ndiye palinso aja a "mphamvu za abambo" amene adzukulu aamuna amapereka moseka. Ena mwa iwo amakhala atasakanizidwa ndi mankhwala amene sanalembedwe pa paketi, ndipo akakumana ndi mankhwala ena a mtima, BP imatsika mwadzidzidzi munthu n'kukomoka.

Wina anandiyankhapo kuti, "A nesi, ndiye mphatso zanu zonse n'za matenda. Kodi munthu wokalamba sangosangalala?" Akunena zoona. Palibe bambo amene amafuna kuti Khirisimasi imukumbutse kuti watha. Wailesi yotchaja ndi dzuwa, bawo latsopano loti anzawo azibwera kudzasewera pakhonde, foni ya mabatani akuluakulu muli kale manambala a ana onse, bulangeti lolemera lodikira Juni ndi Julayi, zonsezi ndimazivomereza ndi mtima wonse. Bawo ndimalikonda kuposa zonse, chifukwa limabweretsa anthu pakhomo, ndipo kusungulumwa kumawadya kwambiri abambo amene akazi awo anatsogola.

Kaperekedwe nakonso n'kofunika. Bambo anga ndinawapititsira ndodo yachitsulo, ija ya kuchipatala. Anaiyang'ana, nati, "Ine sindinafike pamenepo," n'kuiponya pansi pa bedi. Inakhala komweko chaka chathunthu. Kenako mchimwene wanga anakawasemetsera ina ya mtengo wolimba, yokhala ndi mutu wokongola, yofika polumikizana dzanja ndi mkono akaimirira manja ali pansi, monga ndinamuuzira. Tinaikako labala kunsi kuti isamaterere, ndipo anakapereka ndi mdzukulu wawo wamng'ono atagwada, n'kunena kuti ndi ndodo ya akuluakulu a mudzi. Lamulungu lotsatira anapita nayo kutchalitchi, akuloza nayo anthu panjira.