Ntchito za m'Mayunivesite Ziperekedwe Mwachilungamo



1. Ife a bungwe la chilungamo ndi mtendere tikudziwa mmene mabanja ambiri amadzimanira, ena pogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi, ena pogwira ganyu m'mafakitale a ku Kanengo, kuti mwana afike ku yunivesite. Nchifukwa chake funso loti ndani akuphunzitsa ana athu, ndipo analembedwa bwanji ntchito, likutikhudza tonse.

2. Kwa zaka zoposa 30 dziko lathu linali ndi Yunivesite ya Malawi yokha, imene inatsegulidwa mu 1965. Ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Katolika ku Nguludi mu 2006, ya MUST ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu. Tikuthokoza Mulungu chifukwa mipata ya ntchito yachuluka: ya aphunzitsi, osunga mabuku, owerengera chuma ndi alonda omwe.

3. Komabe kuchuluka kwa sukulu si kuzama kwa maphunziro. Wophunzitsa digiri yoyamba ayenera kukhala ndi digiri yachiwiri kapena kuposera apo, yochokera kusukulu yovomerezeka. Bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lili ndi udindo wofufuza zimenezi, ndipo tikulipempha kuti liwugwire mosaopa munthu. Digiri yaulemu ndi mphatso chabe, siyipatsa munthu luso loima m'kalasi.

4. Gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa tsankho, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo likuti polemba ntchito za boma, mbali iliyonse isachepere 40 pa 100. Kulemba munthu chifukwa cha mtundu, chigawo, chipani kapena chiphuphu ndi kubera kawiri: woyenera ntchitoyo ndi ophunzira ake. Namwino kapena mlangizi wa ulimi wophunzitsidwa mwachinyengo adzafika pakhomo pathu pomwe. Pa Eksodo 18, Yetero analangiza Mose kusankha anthu aluso, oopa Mulungu ndi okana ziphuphu.

5. Wolembedwa moyenera agwirenso ntchito mwaufulu. Sitinaiwale chaka cha 2011, pamene Dr Blessings Chinsinga anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha zimene anaphunzitsa, aphunzitsi anayi nachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro ku Chancellor College anasokonekera kwa miyezi yambiri.

6. Choncho tikupempha kuti mipata yonse ilengezedwe poyera, zoyenereza zilembedwe momveka, ndipo mayeso a ntchito ayendetsedwe ndi anthu opanda mbali. Sukulu za mipingo ziyambe ndizo kupereka chitsanzo. Inunso makolo, musanalipire fizi, funsani ngati sukulu ndi maphunziro ake ndi zovomerezeka ndi NCHE. Akhristu amene muli pa maudindo, kanani kukondera ngakhale wopempha ali mbale wanu. M'miphakati yathu tikambirane kalatayi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mulungu adalitse inu nonse ndi dziko lathu la Malawi.