Mtsinje Uli Pakhomo, Koma Kukutentha Ngati Ng'anjo

Ife a kunyanja tidazolowera kuganiza kuti pamene pali madzi pamakhalanso kamphepo kayeziyezi. Nanga bwanji abale athu opita ku Tete kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala amabwerako akudandaula kuti usiku sadaone tulo? Tete ali m'mbali mwa Zambezi, Nsanje m'mbali mwa Shire, koma konseko thukuta lokhalokha.

Nkhani yagona pa kutsika kwa malo. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumachepa ndi madigiri pafupifupi 6. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, nyanja yathuyi ili pa mamita 470 ndi kanthu, pamene Nsanje safika ngakhale 100. Amene adatsikako zitunda za ku Chikwawa pa basi akudziwa m'mene mpweya umasinthira asadafike n'komwe pa Thabwa.

Zitunda zomwezo zimatchinganso mphepo. Ija yakwanitsa kudumpha phiri imapanikizika potsikira m'chigwa, ndipo mpweya ukapanikizika umatentha, monga m'mene pampu ya njinga imatenthera m'manja tikamapopa.

Tsono madzi aja ntchito yake n'chiyani? Nyanja yathu ndi yotakata makilomita ambirimbiri ndipo imachedwa kutentha, n'chifukwa chake masana imatitumizira mphepo yozizirira kumtunda. Mtsinje ndi kamzere chabe, ulibe mphamvu imeneyo. Chomwe umapereka, pamodzi ndi madambo ake, ndi chinyezi mumpweya, ndipo apa ndi pamene pali choopsa. Thupi limazizira thukuta likamauma. Mpweya ukakhala kale ndi chinyezi, thukuta limangoyenderera osauma, thupi n'kumangotenthabe. Izi sizichitika kuno kokha ayi. Mzinda wa Basra ku Iraq, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Shatt al-Arab, kutentha kudapitirira madigiri 53 mu Julayi 2016.

Choncho abale ndi alongo, tikamapita kuchigwa nyengo yotentha tisadzitame kuti dzuwa tidalizolowera ku Mangochi kapena ku Nkhotakota. Tinyamuke m'mamawa, titenge madzi akumwa okwanira, makamaka ngati tili ndi ana aang'ono kapena agogo. Wina akatentha thupi kwambiri n'kuyamba kubwebweta kapena kuchita chizungulire, timugoneke pamthunzi, timuthire madzi thupi lonse ndi kumukupiza, kenaka tithamangire naye kuchipatala osadikira kuti dzuwa lipendeke.