Chenjezo: Yang'anitsitsani Buku Musanapatse Mwana Wamng'ono

Makolo, alezi a m'sukulu zamkaka, ndi nonse amene mumalandira makatoni a mabuku ochokera kunja, chonde tcherani khutu. Mwana wosakwana zaka zitatu sawerenga buku. Amaliluma, amaliyamwa, amalikanda ndi zikhadabo, ndipo zimene zili pachikutopo zimathera m'mimba mwake.

Choopsa chachikulu ndi mtovu. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ndi wosavulaza. Umawononga ubongo umene ukukula kumene, ndipo zowonongekazo sizikonzekanso. Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri mwanayo saoneka kuti akudwala. Amasewera bwinobwino, koma akadzayamba sukulu amavutika kugwira zinthu, ife n'kumamunena kuti ndi waulesi.

Ku America anadzidzimuka mu 2007, pamene kampani ya Mattel inachotsa pamsika zidole zambirimbiri, zina chifukwa cha penti ya mtovu. Mu 2008 anakhazikitsa lamulo la CPSIA. Lero kumeneko penti ya pa katundu wa ana siyenera kupitirira magawo 90 a mtovu pa magawo 1 miliyoni, ndipo mbali iliyonse imene mwana angaikhudze siyenera kupitirira magawo 100. Mankhwala ena ofewetsera pulasitiki, otchedwa phthalates, saloledwa kupitirira gawo limodzi pa magawo 1,000 m'zidole. Ku Ulaya buku loseweretsa limatengedwa ngati chidole, limayesedwa motsatira muyezo wa EN 71, ndipo limakhala ndi chizindikiro cha CE.

Koma malamulo amenewa amagwira katundu wogulitsidwa m'maiko amenewo. Buku limene lakhala zaka makumi anayi m'nyumba ya munthu, kenako n'kuikidwa m'katoni ya mphatso kapena kufika pamsika wa kaunjika, palibe amene analiyesa. Akuluakulu oona za chitetezo cha katundu ku America anaona kuti mabuku wamba a pepala osindikizidwa chikadutsa chaka cha 1985 alibe vuto, koma inki ya mabuku akale kuposa apo ikhoza kukhala ndi mtovu. Choncho tsegulani tsamba loyambirira, muone chaka. Ngati ndi 1985 kapena m'mbuyo mwake, bukulo lisafike m'manja mwa mwana amene amaika zinthu m'kamwa. Wamkulupo angawerenge, asambe m'manja asanadye. Sindikunyoza opereka mphatso. Ambiri amapereka ndi mtima wabwino, osadziwa.

Mabuku oimba ndi olankhula aja ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ngozi yake siyembekeza zaka. Ambiri ali ndi tibatire tathyathyathya tonga ndalama yachitsulo. Kamodzi kakatsakamira kummero, kakhoza kutentha ndi kuwononga mnofu m'maola awiri okha. Onani ngati kachitseko ka batire n'komangidwa ndi sikuluu. Ngati kamatseguka ndi chala, chotsani mabatirewo muwaike kumene mwana sangafike. Mukakayikira kuti mwana wameza batire, musamusanzitse, musadikire kuti ayambe kulira kapena kutuluka dovu. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukauze adokotala momveka kuti ndi batire, kuti amujambule msanga.

Tayaninso buku la pulasitiki lofewa limene likununkha mankhwala kapena likunanda m'manja, limene mtundu wake ukuchoka mukalipukuta ndi kansalu konyowa, ndi limene maso a zidole, timikanda kapena timaginito take tikugwedera. Kanthu kosakwana masentimita atatu kangatsamwitse mwana.

Inu oitanitsa mabuku a ana atsopano kuti mugulitse, funsani kwa wopanga chikalata chosonyeza kuti anayesedwa ku labotale. Chizindikiro cha CE chokha musachikhulupirire kotheratu, poti achinyengo amachidinda. Wogula akapeza buku lokayikitsa m'sitolo, asunge bukulo ndi lisiti yake, akadziwitse a Malawi Bureau of Standards.