Mwana akafuna za mafilimu, mperekezeni

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 14, adandionetsa uthenga wa pa WhatsApp. Ati akufuna atsikana "ooneka bwino" oti akachite nawo filimu yatsopano. Wofuna atumize zithunzi zitatu za thupi lonse ndi K15,000 ya fomu kudzera pa foni, malo okumanirana adzauzidwa pambuyo. Dzina la kampani padalibe, la wotsogolera filimuyo padalibenso. Mwanayo n'kuti atasunga kale K9,000 mwakachetechete.

Mayi ake atamva adamulanda foni n'kumuuza kuti za zisudzo ndi za anthu osalongosoka. Mantha awo ndikuwamvetsa, koma ndikuti adalakwitsa. Mwana yemweyu ndi amene adatiliza tonse pa Lachisanu Loyera atasewera ngati Maria pa Njira ya Mtanda. Luso tidaliona ndi maso athu, m'manja tidaomba. Lero tikamuletsa, lusolo silitha ayi. Chimene chithe n'chakuti uthenga wotsatira sadzaonetsanso munthu. Ndipo amene amalemba mauthenga otere amafuna chimenechi: mwana amene kwawo sakudziwa kumene wapita.

Ntchito ya mafilimu ilipo ndithu kuno kwathu, ndipo ana amafunika. Fatsani, filimu ya Gift Sukez Sukali, yonse yatsamira pa kamtsikana kogulitsa nthochi m'misewu. The Boy Who Harnessed the Wind, ya mbiri ya William Kamkwamba, idajambulidwa ku Kasungu n'kutuluka pa Netflix mu 2019. Amene adasewera ngati William ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya. Ambiri tidadandaula ndi Chichewa chokhotakhota cha m'filimumo. Koma tikamatsekera ana athu m'nyumba, tidandaulirenji ena akamatenga malo awo?

Tsono tidziwe kusiyanitsa. Mayeso enieni osankhira osewera, amene anawa amati ma audition, salipiritsa. Wopanga filimu ndiye akusowa anthu, bwanji alipiritse amene akuwafuna? Sukulu yophunzitsa zisudzo ikhoza kufuna fizi, koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo siyenera kulonjeza mwana malo m'filimu. Pa mayeso enieni mwana amatchula dzina ndi zaka zake, amapatsidwa mawu ochepa a m'seweromo kuti awanene pamaso pa kamera, basi. Nthawi zina amangoti mumujambule pa foni kunyumba, atavala bwinobwino. Zimachitika masana, pamalo odziwika, pali anthu ambiri. Kholo likati libwera nawo, a chilungamo amakondwa. Amene anene kuti "mayi atsale, mwana achita manyazi", kapena aitanire mwana ku chipinda cha malo ogona alendo, mwamudziwa kale.

Malamulo ali mbali yathu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho mgwirizano uliwonse ukambidwe ndi kusainidwa ndi kholo. Musachite manyazi kufunsa: ajambula masiku angati, aweruka nthawi yanji, akagona kuti ndipo ndi yani, malipiro ndi angati, filimuyo idzaonetsedwa kuti. Pemphani sewero lonse muliwerenge, osati tsamba la mwana wanu lokha. Chithunzi chikangolowa pa intaneti sichibwereranso. Lilipo lamulo la 2015 lolimbana ndi kuzembetsa anthu, ndipo ozembetsa nthawi zambiri amayamba ndi lonjezo la ntchito yabwino. Mukakayika, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit ku polisi.

Nanga mwayi weniweni mwana aupeza kuti? Pafupi pomwepa. Kalabu ya zisudzo ya kusukulu, mipikisano ya ATEM ya m'masekondale, gulu la achinyamata la pa parishi. Kumeneko kuli aphunzitsi amene timawadziwa, ndipo opanga mafilimu akamafuna ana amafunsa anthu oterewa. Mumuuzenso zoona mwanayo: ambiri amene amapita ku mayeso sasankhidwa, ndipo ndalama za mafilimu kuno n'zochepa. Ngakhale Shemu Joyah, amene adapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, ntchito imene adaphunzira ndi yoyeza malo. Sukulu isaime chifukwa cha kamera.

Ndikudziwa kuti si mayi aliyense angasiye geni tsiku lonse kukakhala pa benchi kudikira mwana. Apa ndi pamene bungwe lathu lingagwire ntchito. Timaperekezana kuchipatala, timagonera limodzi kumaliro, tingalephere kuperekeza mwana wa mnzathu ku mayeso? Pa msonkhano wa mwezi uno tisankhe amayi awiri amene ana angamawaonetse mauthenga otere popanda kukalipiridwa.

Ine ndidaimba nambala ija ndekha. Ndidati ndine mayi ake aang'ono, ndikufuna kudziwa ofesi yawo ili pati kuti tibwere tonse. Adadula foni, ndipo mpaka lero sikupezeka. K9,000 ija tidagulira nsalu ya sewero la Khirisimasi.