Chenjerani: Musalipire Malo a Ukwati Amene Simunawapondepo

Abale anga a ku Geelhoutpark, a ku Tlhabane, a ku Boitekong, ndi nonse amene mukukhetsera thukuta randi kuno ku Rustenburg, imani kaye. Foni ili m'manja, nambala mwalemba kale, chatsala n'kudina kuti ndalama ipite. Musadine.

Ndikunena za dipoziti ya malo a ukwati. Masiku ano aliyense akufuna ukwati wa kunyanja. Mwaona zithunzi pa Facebook: mchenga woyera mbee, mipando yoyalidwa nsalu, mkwatibwi ataima pafupi ndi madzi dzuwa likulowa. Pansi pake alemba kuti ndi ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo aika nambala ya WhatsApp. Mwalemba uthenga, wina wayankha msanga, mwaulemu, akukutchulani bwana. Wakuuzani kuti tsiku limene mukufunalo likulimbiranidwa ndi banja lina, mukapanda kutumiza theka lero, mawa lapita.

Mawu amenewo ndiwo msampha. Akukuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa.

Mnansi wanga wina pano, mnyamata wogwira ntchito pa kampani ina imene imathandiza pamigodi, anatumiza malipiro ake a miyezi iwiri motero. Anamutumizira lisiti yokhala ndi chidindo, nayenso anaionetsa kwa komiti ya ukwati monyadira. Achimwene ake atapita kukaona malowo, anapeza kuti loji ilipodi, koma eni ake sankadziwa za ukwatiwo ndipo dzina la munthu amene analandira ndalama anali asanalimvepo. Nambala ija inali itazima. Ndinamuona mnansi wangayo akulira, munthu wamkulu, atakhala pa sitepe ya chipinda chake cha lendi. Sindikufuna kuonanso wina akulira choncho.

Mvetsani mmene amachitira. Wakuba safunika kukhala ndi loji. Amangotsegula tsamba m'dzina la loji yeniyeni, n'kukopera zithunzi zake, n'kuikapo nambala yake. Zithunzi zina si za ku Malawi n'komwe. Ukwati wa pamchenga unatchuka ndi malo ngati Hawaii, ndipo zithunzi za kumeneko zadzaza intaneti. Yang'anitsitsani. Mukaona mafunde akuluakulu a thovu, miyala yakuda ya chiphalaphala, maluwa okoleka m'khosi, dziwani kuti si nyanja yathu imeneyo. Ikani chithunzicho mu Google Lens muone kumene chinachokera. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Ngakhale chithunzi chikhale chenicheni, musachikhulupirire chokha. Chithunzi sichipsa, sichimira, sichikalamba. Mu Ogasiti 2023 moto unapsereza tauni ya Lahaina pachilumba cha Maui ku Hawaii komweko, anthu pafupifupi 100 anafa, koma zithunzi zokongola za tauniyo zinatsalabe pa intaneti ngati palibe chachitika. Kwathu madzi ndiwo amachita zimenezo. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kwambiri, ndipo malo ambiri ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima analowa madzi. Mchenga umene anthu ankajambulirapo unamira, mipanda inagwa, zipinda zina zinatsekedwa. Zithunzi za m'mbuyomo zilipobe, ndipo ndi zimene mukutumiziridwa.

Inu amene munakulira kumtunda, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba, mwina simudziwa kuti nyanja imapuma. Imadzaza mvula ikatha, cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imaphwa pang'onopang'ono mpaka cha mu Novembala ndi Disembala. Gombe lotambalala limene mwaliona pachithunzi cha Novembala likhoza kukhala pansi pa madzi mu Meyi. Funsani kuti chithunzichi chinajambulidwa liti. Akazengereza kuyankha, mwayankhidwa kale.

Tsono chitani ichi. Tumani munthu apite ndi miyendo yake. Musatume mmodzi. Tumani awiri, wina wa kuchimuna, wina wa kuchikazi, makamaka ankhoswe kapena anthu amene ankhoswe awasankha. Ndikutero chifukwa tonse kuno ku Joni tikudziwa nkhani za ndalama za malata ndi simenti zimene zinathera m'manja mwa m'bale. Si kunyoza abale ayi. Ndalama ikakhala ndi mboni ziwiri, chibale chimatetezeka.

Akafika, akuyimbireni foni ya vidiyo ali pomwepo. Aonetse chikwangwani cha pageti. Alowe mu ofesi, mulankhule ndi manijala maso ndi maso, atsegule buku la mabukingi muone ngati tsiku lanu lilidi lopanda munthu. Ayende mpaka kumadzi. Alowe m'zimbudzi, awerenge kuti zilipo zingati. Aone khitchini. Afunse za jenereta, ndipo ailize amve kulira kwake, chifukwa magetsi a ESCOM akathima pakati pa perekaniperekani, DJ sangaimbe ndi pakamwa. Apemphe kuona chiphaso cha boma cholola malowo kulandira alendo. Malo oona sachita manyazi ndi mapepala awo.

Ndalama musatumize ku nambala ya munthu. Kaya mukudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, kaya ikukathera mu Airtel Money kapena Mpamba, yang'anani dzina la wolandira. Likakhala dzina la munthu wamba pomwe mukulipira loji, lekani. Akakuuzani kuti akaunti ya kampani ili ndi vuto ndiye mutumize kwa akauntanti, lekani. Chabwino koposa n'chakuti ndalama ifike kwa anthu anu awiri aja, akalipire okha pa ofesi kapena ku banki m'dzina la malowo, atenge lisiti pamanja. Ndipo musapereke zonse nthawi imodzi.

Lisiti payokha sikwanira. Funani pangano lolembedwa, losainidwa mbali zonse. Mukudziwa zimene kwacha yachita. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Amene anagwirizana mtengo pakamwa chabe anadzauzidwa kuti zinthu zakwera, onjezerani. Pepala linene mtengo wonse, linene ngati ungasinthe, linene chimene mubwezeredwe malowo akalowa madzi, msewu ukaduka, kapena maliro akagwa pabanja tsiku n'kusintha. Linene tsiku, ola loyambira, ola lotsekera nyimbo. Linenenso ngati tsiku lomwelo kuli ukwati wina pamalopo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimapweteka anthu ngakhale malo ali oona, eni ake ali achilungamo.

Loji imawerenga mitu. Mbale iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo malo ambiri salola kuti mubwere ndi chakudya kapena zakumwa zanu, mwina amalipiritsa mukabwera nazo. Ukwati wa kwathu suwerenga mitu. Kumudzi akamva kuti mwana wa uje wabwera kuchokera ku Joni kudzamanga banja, amabwera onse, wa khadi ndi wopanda khadi. Mudzawabweza pageti? Azakhali amene anakulerani, amene abwera ndi anzawo asanu a kumpingo, mlonda adzawauze kuti dzina lawo palibe? Kambiranani zimenezi tsopano, muli kuno. Funsani malowo kuti anthu akapitirira chiwerengero chimachitika n'chiyani. Funsani ngati amayi a kumudzi angaloledwe kuphika nsima ndi thobwa kuseri. Inu Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga, amene muli ambiri kuno, funsani za nyama ya halaal ndi za bala imene ili pamalopo, musadzadabwe tsiku lomwelo shehe atafika kale.

Ganiziraninso za mtunda. Ngati kwanu ndi ku Thyolo ndipo kwa mnzanuyo ndi ku Kasungu, ndani adzalipira mabasi opita ku Monkey Bay? Agogo adzagona kuti? Mafuta a galimoto akhala akusowa kwathu mobwerezabwereza zaka zapitazi, anthu kugona pamizere ya pa filing'i siteshoni. Malo akakhala kutali ndi anthu anu, obwera amachepa, ndipo perekaniperekani amene mukumuwerengera kuti adzabweza ngongole sadzafika pamene mukuganiza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za nyengo nazo musazipeputse. Ambiri a ife timapeza tchuthi mu Disembala, makontrakitala akatseka, mabwana akapita kokapuma. Disembala kwathu ndi dzinja. Mvula imagwa kuyambira kumapeto a Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo msewu wa M5 wa m'mphepete mwa nyanja umadziwika ndi milatho yokokoloka. Namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kummwera. Mukasankha Juni kapena Julayi, kuli mwera, mphepo imene imagwetsa matenti ndi kuthira mchenga m'chakudya. Okutobala kuli dzuwa loswa mtengo, okalamba amakomoka nalo. Mwezi uliwonse uli ndi chake. Choncho musavomere malo opanda holo kapena denga lolimba lothawirako.

Musanalipire malo, lankhulani ndi abusa, ansembe kapena shehe. Mwamva? Musanalipire. Mpingo wa Katolika umadalitsa ukwati m'tchalitchi, ndipo kuti uchitikire kwina pamafunika chilolezo cha bishopu. Mipingo yambiri imafuna kalata yochokera kumpingo umene mukupemphera kuno, imafuna maphunziro a banja, imafunanso kulengeza ukwatiwo masabata angapo tsiku lisanafike. Wa pa WhatsApp uja akakuuzani kuti m'busa timupeza ife, musadandaule, funsani kuti m'busa wake ndani, wa mpingo uti, ndipo mtchatho wake udzakhala wovomerezeka ndi boma kapena ayi. Mwina mnzanuyo ndi Mtswana wa konkuno. Pepala limenelo mudzalifuna ku Home Affairs, ndipo likakhala lachinyengo mudzavutika nalo zaka.

Tsopano mverani bwino, chifukwa ichi n'chimene chimawawa koposa.

Yang'anani pasipoti yanu. Yang'anani ya mkwatibwi, ya mkwati, ya aliyense wa mu komiti amene akuti adzakwera nanu basi ku Park Station. Mmalawi amapatsidwa masiku 30 polowa mu South Africa. Malamulo a dziko lino a 2014 amati wopitiriza masiku ake osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa masiku 30 amaletsedwa zaka 5. Chidindo cha chiletsocho amakumenyani potuluka, pa Beitbridge kapena pa OR Tambo. Mudzavina ku Mangochi Loweruka, koma ntchito yanu, katundu wanu, mwina ndi ana anu a pasukulu, zidzatsala ku Geelhoutpark inu mulibe njira yobwerera. Ena akatero amadzipereka kwa owolotsa anthu pa Limpopo, ndipo mukudziwa zimene zimachitika m'tchire limenelo. Musayembekeze kukonza ndi kanthu kakang'ono pa chipata. Dziwani mmene mapepala anu alili musanatchule tsiku, ndipo ngati pasipoti ikutha, yambani msanga. Mu 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti ku Malawi inaima kwa masabata, anthu ambiri maulendo awo anafera pomwepo.

Kumbukirani kumene ndalamayi ikuchokera. Mtengo wa pulatinamu ndi zitsulo zinzake utagwa, Sibanye-Stillwater ndi Impala Platinum analengeza zochepetsa antchito masauzande mu 2023 ndi 2024. Mgodi ukatsokomola, wa m'galaja, wa mu saluni, wosoka zovala, wosamalira maluwa pa nyumba ya bwana, onse amamva. Randi imene muli nayo lero simukudziwa ngati mwezi wa mawa idzabweranso. Musaitaye kwa munthu amene nkhope yake simunaione. Musakatengenso ngongole ya katapila kwa mashonisa chifukwa cha mchenga.

Ana anu obadwira kuno asaiwalike. Ku Rustenburg kulibe malungo, choncho matupi awo sanawazolowere, pomwe kunyanja udzudzu ndi wochuluka, makamaka m'dzinja. Pitani nawo ku kiliniki musananyamuke, mufunse za mankhwala oteteza, ndipo funsani ngati zipinda zili ndi maneti. Mwana akatentha thupi mutabwerako, uzani adokotala kuti munali ku Malawi. M'madzi osayenda a m'mabango muli likodzo. Kufupi ndi mathiriro a mitsinje ndi mu Shire muli ng'ona ndi mvuu. Pa ukwati akuluakulu maso amakhala pa mkwatibwi, ana amatsetserekera kumadzi. Sankhani munthu wamkulu, wosamwa, ntchito yake ikhale kuyang'ana ana basi. Funsaninso kuti chipatala chapafupi chili pa mtunda wotani ndipo usiku mungapeze galimoto.

Ngati mwatumiza kale ndipo mtima wayamba kukayika, musabise chifukwa cha manyazi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mukalankhula mupulumutsa wotsatira. Sungani mauthenga onse, jambulani tsambalo lisanafufutidwe, sungani nambala ya malipiro. Yimbirani kampani imene munatumizira ndalama lero lomwe, chifukwa ngati sinatapidwe mwina ikhoza kuimitsidwa. Uzani abale akadandaule kupolisi kwathu ndi kwa Airtel kapena TNM. Ngati malowo ndi enieni koma akukana kubweza kapena asintha pangano, kadandauleni ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Dziwitsani eni loji amene dzina lawo likugwiritsidwa ntchito. Lamulungu likudzali imirirani kutchalitchi, Lachisanu kumzikiti, ndi pagulu la WhatsApp la anthu akwanu, muwerenge nambalayo mokweza kuti aliyense ailembe.